Volovolo ya agogo Mbewe

Fungo la oyilo wa makina osokera likandipeza paliponse, ngakhale m'kalasi, mtima wanga umabwerera m'khitchini mwa agogo Mbewe, m'nyumba yosanja ya ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow, mmene tinkakhala ndili ku pulayimale. Ife tinali pamwamba penipeni, iwo pansi pathu, ndipo Loweruka lililonse m'mawa fungo limenelo linkakwera masitepe pamodzi ndi la buledi wopserera, chifukwa agogo akayamba kupukuta mfuti yawo ankaiwala kuti asiya kanthu pamoto.

Sanali agogo anga enieni. Anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzaphunzira zokonza magalimoto, nakhala ku Glasgow akukonza mabasi mpaka mutu wonse unachita mbuu. Akazi awo anamwalira ife tisanasamukire kumeneko. Tsiku lina amayi, amene ndi namwino, anamva munthu pamasitepe akukalipira kiyi m'Chichewa kuti akukana kulowa pachitseko. Anatsika, nawapatsa moni atapinda maondo, ndipo kuyambira pamenepo amayi akakhala ku ntchito Loweruka ine ndinkaswera kwa agogo. Ankanditchula ndi mfunda wanga, a Nabanda, ngati ndine mayi wamkulu, ndipo ndikawayankha m'Chingerezi ankaloza pakhomo.

"Chingerezi chimatsala apo ndi nsapato. Muno timayankhula kuti timvane."

Mfutiyo ankaitcha volovolo. M'dziko muno munthu wamba saloledwa kusunga mfuti ya m'manja yeniyeni, ndipo yawoyo inali yoyambitsira mipikisano yothamanga: mpope wake unali wotseka, mtundu wake wofiirira ngati lalanje, ndipo zipolopolo zake zinali zopanda mutu, zongotulutsa phokoso ndi utsi. Agogo ndiwo ankaomba mfuti pa kalabu yathu ya zothamanga, ndipo anali atagwira ntchito imeneyo mwaulere kuyambira amayi anga asanabadwe. Amayi sanazidziwe zonsezi poyamba. Tsiku limene ndinawauza mokondwa kuti ndaona mfuti kwa agogo, anatsika masitepe atavala silipasi imodzi, ndipo anabwerako patapita ola lathunthu, atamwetsedwa tiyi ndi kuonetsedwa kuti ngakhale singano yolukira juzi singalowe mumpopemo.

Agogo ankaikonda volovolo ija monga mmene anthu ena amakondera wotchi yakale. Ankayala nyuzipepala patebulo, n'kutsegula bokosi lachitsulo ndi kiyi amene ankakhala pakhosi pawo, n'kukankhira kumbali kamgolo kake kozungulira ka mabowo asanu ndi limodzi. Bowo lililonse ankalipukuta ndi kansalu kokulunga pa waya, pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mopanda mawu, wailesi ikung'ung'udza pawindo, mvula ikuwaza magalasi. Ine ntchito yanga inali kung'amba malaya awo akale kuti tipeze tinsalu. Kuigwira sankandilola, ngakhale ili yopanda kanthu. Akamaliza ankazunguza kamgoloko pafupi ndi khutu langa, tche tche tche, nkhope yawo ikuwala.

"Mwamva, a Nabanda? Chinthu ichi chilibe chinsinsi. Zonse zimene chikuchita ukuziona ndi maso. Chipolopolo chimodzi chikakana, ukhethemulanso, kamgolo kazungulira, china chalira. Mwana akaba poyambira, n'kunyamuka mfuti isanalire, uli nacho kale chachiwiri chomubweza. Anzathu aja a ku kalabu akufuna chida chamabatire, chonenera pa sipika. Batire ikafa ana ali chogwada pamvula, adzaomba m'manja?"

Anali ndi magazini akale odzaza zithunzi za mavolovolo, ena azigwiriro zamatabwa, ena ozokotedwa maluwa, ndipo ankawawerenga ngati mmene amayi amawerengera mabuku a maphikidwe a zakudya zimene sadzaphika. Kuombera chinthu sankakufuna. Chimene ankasirira ndi chakuti anthu anapanga makina amene zaka zikupita koma palibe chowonjezerapo.

Loweruka lina, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndinawafunsa funso limene linadzandigwetsa m'mavuto. Pa mpikisano woyambitsa amauza othamanga kuti agwade pamzere, kenako amanena liwu limodzi lakuti "Set", onse n'kutukula msana, ndipo pamakhala kachetechete mfuti isanalire. Kachetecheteko ndinkadana nako. Ndinafunsa kuti amadziwa bwanji nthawi yoombera.

Agogo anayang'ana kuchitseko ngati kuli womvetsera.

"Ndimakwera basi ya kwathu," anatero monong'ona. "Ndikati 'Set', mumtima ndimati Balaka, Ntcheu, Dedza. Ndikafika kwathu ku Dedza, ndimaomba."

Anaseka, n'kupitiriza kupukuta. Ine sindinaseke. Madzulo ake ndinalemba mayina atatuwo m'buku langa la tsiku ndi tsiku, ndipo kwa milungu itatu ndinkayeserera m'khonde mwathu: Balaka, Ntcheu, Dedza, liwiro mpaka kuchitseko cha bafa. Kalabu inali kukonza tsiku losankha ana opita ku mpikisano wa ku Edinburgh, atatu oyamba pa mtunda uliwonse. Chaka chapitacho ndinali wachinayi, ndinatsala ndikuona anzanga akukwera basi. Tsopano ndinali ndi chinthu chimene mwana wina aliyense analibe, ndipo sindinaganize n'komwe kuti ndi kuba. Ndinkati ndi mwayi wokhala ndi agogo.

Tsikulo kunacha ndi mvula yowaza. Ndinalembetsa mitunda iwiri, wa mamita 100 m'mawa ndi wa mamita 200 masana. Lamulo la ana linali lakuti ukaba poyambira kamodzi amakuchenjeza, kachiwiri watuluka. Agogo anaima pakabokosi kawo atavala jekete yofiira, zotseka m'makutu zili kumutu, ndipo sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Pabwalo analibe mdzukulu.

Tinagwada. "Set." Balaka, Ntcheu, Dedza, ine uyo. Ndinali nditaponda kale kawiri pamene mfuti inalira, ndipo pompo inaliranso, phaa phaa, kutibweza tonse. Mayi wina wa kalabu anabwera kudzaima patsogolo panga ndi kakhadi kochenjeza. Ndinaganiza kuti mwina ndawerenga mofulumira chifukwa cha mantha. Tinagwadanso, ndipo ulendo uno ndinatchula mayinawo bwinobwino, monga mmene agogo ankawatchulira, thupi lonse litakonzeka kudumpha. Pa Dedza ndinanyamuka. Phaa phaa.

Ndinachoka pabwalopo anthu ali chete, utsi wa wonga ukundilowa m'mphuno, fungo lomwe lija ndinkalikonda. Ndinakakhala kuseri kwa mipando ya oonerera, chipewa cha jekete nditachikokera kumaso. Amayi anandisiya mpaka nthawi ya nkhomaliro, kenako anabwera ndi fulasiki ndi mandasi okulunga m'pepala.

"Kawapatse agogo ako."

"Sindipita."

"Wati chiyani?"

Amayi akatsitsa mawu chotero palibe chokambirana. Ndinawapeza agogo atakhala okha pa benchi pansi pa kadenga, akutulutsa makoko a zipolopolo m'kamgolo ndi kuwaika m'thumba. Ndinapereka fulasiki ndi manja awiri, koma maso ndinayang'ana kumbali.

"A Nabanda, mwabwera kudzandimanga?"

"Munandinamiza," ndinatero. "Munati pa Dedza."

Dzanja lawo linaima. Anavula magalasi n'kugwira pamphumi.

"Kodi ndi zimenezo? Mayo ine, pakamwa pa nkhalamba." Anathira tiyi m'chivundikiro. "Khala pansi, iwe. Kamtsikana kanali kumanzere kwako kaja unakaona?"

"Ayi."

"Sukanakaona, unali pa ulendo wa ku Dedza. Kanali kakunjenjemera, phazi lisanakhazikike. Basi sinyamuka munthu mwendo umodzi uli panja. Ndiye ndinadikira, ndinapitirira kwathu, ndimati ndikafike pa Linthipe. Ndisanafike, iwe wapita."

"Nanga kachiwiri? Kachiwiri anakhazikika."

"Kachiwiri wogwedezeka unali iweyo. Unkachita kuyendera kutsogolo ngati mphaka waona mbewa. Ndinkadikira iwe."

Iwo analawa tiyi n'kukwinya nkhope.

"Amayi ako shuga amamuopa kuposa mfuti." Analuma ndasi. "Cholakwa china ndi changa, sindikana. Zaka zonsezi sindinauzepo munthu. Mayina aja ndi ongondigwira chala kuti chisafulumire, si ndiwo amaomba. Ndimaomba ana onse akakhala bata."

"Ndiye masanawa muomba pati?"

"Sindikudziwa. Volovoloyi nayonso siikudziwa. Ndipo ndikanadziwa sindikanakuuza, chifukwa ana enawo nawonso ali ndi agogo awo amene akhala pamvula apo." Anandibwezera pepala muli ndasi imodzi. "Idya. Ukabanso ndikubweza, ndipo Loweruka ubwerabe kudzang'amba nsalu."

Pa mamita 200 othamanga sayambira pamzere umodzi. Ine anandiika m'njira yakunja kwenikweni, patsogolo pa onse, kumene suona mnzako aliyense, ndipo agogo anali kumbuyo kwanga. Uwu unali mwayi wotsiriza wa ku Edinburgh. Ndinagwada, zala zili pa labala wonyowa wa pabwalopo, ndikudziuza kuti sindiwerenga. Koma atangoti "Set", mutu wanga unayamba wokha, milungu itatu ya m'khonde ija siikanachoka tsiku limodzi. Balaka. Ntcheu. Pa Dedza ntchafu yanga inadumpha mkati, ndipo ndinakanikiza zala pansi mpaka zikhadabo zinawawa. Ndinakhala. Kupitirira Dedza ndinkadziwa dzina limodzi lokha, limene ndinali nditalimva ola lomwelo. Linthipe. Kutsogolo kwake kunalibe china, kunali kumvetsera basi, madzi akudontha pa chipewa cha munthu wina, mpweya wa mtsikana wa kumbuyo kwanga.

Phaa. Kamodzi.

Ndinanyamuka mochedwa kuposa onse, moti tisanamalize kukhota atsikana anayi anali atandipitirira. Za mtunda wotsalawo sindikumbuka zambiri, koma mawu a amayi okha, amene kutchalitchi amaimba motsitsa, akukuwa dzina langa mpaka anthu kutembenuka. Wachinayi ndinamupeza pakati pa njira yowongoka. Wachitatu tinalowa limodzi, ndipo tinadikira oweruza akunong'onezana, ife titagwira m'mawondo. Anati ndamuposa ndi chifuwa.

Pobwerera tinakwera basi imodzi, agogo atakumbatira chikwama chawo pamiyendo. Sanandiyamikire. Anauza amayi kuti mwana wawo amanyamuka ngati basi ya dizilo m'mawa wa chisanu, ndipo amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Titatsika ndinawakoka mkono wa jekete.

"Agogo, munaomba pati? Ine ndinafika pa Linthipe."

"Sindinakwere n'komwe," anatero. "Ndinkangoyang'ana chidendene chako, ndikupemphera."

Ku Edinburgh ndinapita, ndipo ndinagonja pa ndime yoyamba, koma basi ija ndinakwera. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Kalabu inagula chida chamabatire chija, ndipo agogo atachimva koyamba anati chikulira ngati wina wagwetsa thireyi kuchipinda china. Mawondo atayamba kuwavuta anapereka volovolo yawo kwa mnzawo amene amayambitsabe mipikisano kumidzi, ndipo lero amakhala ku nyumba yosamalira okalamba cha ku Pollokshields, kumene ndimakawaona Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Magazini aja anapita nawo, ndipo anamwino onse a kumeneko anaphunzitsidwa kale ubwino wa kamgolo kozungulira.

Ine ndikuthamangabe, ndipo chaka chino, chomwe ndi chomaliza ku sekondale, ndikuyembekeza kulowa timu ya chigawo chathu. Mphunzitsi wanga wa zothamanga amadandaula kuti ndimachoka mochedwa pang'ono kuposa anzanga, ndipo akunena zoona, tikulimbana nazo Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Koma kuchokera masana aja palibe woyambitsa mpikisano amene anaombapo kachiwiri chifukwa cha ine.