Phazi Lamanzere la Bambo Anga

Anandilanda besi. Besi yonse imene imamveka pa chimbale cha bambo anga, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ndinaimba ndine, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditagwada pansi pa limba. Pachikuto cha chimbalecho pali mayina atatu. Langa palibe.

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Buruburu, ndi limbalo litadya theka la pabalaza. Bambo anga, a Laisoni Kamchacha, anabwera ku Nairobi ine ndisanabadwe ndi gulu loimba m'mahotela. Anzawo anabwerera kumudzi, iwo n'kutsala. Ankaimba jazi uja amati soul jazz, wa limba lolira ngati la m'tchalitchi koma lolawako mowa pang'ono. Limba lotere limakhala ndi timatabwa titalititali pansi, timene woimba amaponda ndi phazi lamanzere kuti besi ituluke. Bambo ankaponda atavula nsapato, ali ndi sokosi zokha, ndipo anthu ankabwera kudzaonerera phazilo. Lendi ankalipira ndi mayi, amene ankalawirira ku Gigiri kukataipa makalata a mabwana. Bambo ankati iwo amabweretsa dzina pakhomo.

Ndili ndi zaka khumi, sitiroko inawagwira mbali yamanzere. Dzanja linabwererako pang'ono, moti ankatha kuliika pa limba n'kukanikiza zala zitatu. Mwendo unakaniratu. Ankaukoka ngati thumba la makala. Miyezi ingapo m'nyumba munali zii, ndipo ine ndinkakhoza bwino m'kalasi. Nthawi yokhayo.

Tsiku lina masana mabo yanga inagubudukira pansi pa limba bambo akuyeserera ndi dzanja lamanja. Ndinakwawira komweko, n'kutsamira kathabwa kamodzi ndi chikhatho. Nyumba yonse inanjenjemera, makapu m'kabati n'kulira. Bambo anasiya kuimba. Ndinadikira khofi, koma anangoti ndibwereze. Ndikanadziwa, mabo imeneyo ndikanaisiya komweko.

Anandiphunzitsa miyezi isanu. Iwo ankang'ung'udza besi pakamwa, ine n'kumaisaka ndi zibakera. Kuti mafupa a zala asamagogode pathabwa, anandiveka sokosi zawo m'manja. Pansipo pankanunkha mafuta a makina, fumbi lotentha ndi polishi wa nsapato. Mwendo wakufa uja ankautsamiritsa pamsana panga, choncho ine ndikamayendayenda, bondo lawo linkavina lokha. Kutsogolo ndi m'mbali mwa limba anakutako chitenje cha mayi, ati kuteteza fumbi. Titabwerera ku hotela, kukaimba Lamlungu masana anthu akudya nyama yootcha, bwana wa hotelayo anagwetsa misozi poona bondolo. Anati Mulungu akadachitabe zozizwitsa.

Chinsinsichi ankachidziwa ndi anthu awiri: a Omondi a ng'oma ndi mkulu wina wa gitala wosakonda kuyankhula. A Omondi ankanditchula kuti Mguu, ndiye kuti mwendo m'Chiswahili, ndipo ankandigulira mandazi awiri tikamaliza. Mayi ankadziwa kuti ndimanyamula chikwama cha bambo Lamlungu, basi. Sankadziwa kuti pakati pa sabata timakayeserera, ndiponso kuti bambo ankalembera aphunzitsi anga makalata akuti ndadwala malungo. Ndinadwala malungo kawirikawiri chaka chimenecho moti aphunzitsi athu a masamu anaimitsa kalasi yonse kundipempherera.

Kenako zinthu ziwiri zinagwera tsiku limodzi. Mayi anandipezera mwayi pa sukulu ina yabwino yogonera konko, imene kuntchito kwawo akanathandiza kulipira, bola ndikhoze mayeso olowera. Mayesowo anali Lachiwiri m'mawa. Mzungu wina wojambula nyimbo, amene anamva bambo ku hotela kuja, anapeza situdiyo ya tsiku limodzi lokha. Lachiwiri lomwelo. Bambo anali ataimba zaka makumi atatu popanda chimbale ngakhale chimodzi, ndipo mzunguyo ankafuna phazi.

M'mawa wa Lachiwirilo mayi anandisitira yunifolomu, n'kundisongolera mapensulo awiri ndi mpeni wa kukhitchini. Bambo anati andiperekeza okha, mayi asachedwe kuntchito. Pa siteji panaima maminibasi awiri, amene kumeneko amati matatu, makondakitala akumenya zitseko n'kumakuwa "beba, beba" poitana okwera. Ina inali yopita mbali ya ku sukuluko, ina ya m'tauni. Bambo anatsamira ndodo yawo, osandiyang'ana.

"Mayeso amabweranso, Kondwani. Mzunguyu akwera ndege mawa."

Sanandikakamize, ndipo amakonda kukumbutsa anthu zimenezo. Anangoima pamenepo, atavala jekete ya ukwati wawo, nsapato yamanzere itapindikira m'fumbi. Ndinakwera ya m'tauni. Ndinawathandizanso kukweza mwendowo.

Ku situdiyo ndinalowa ngati wonyamula chikwama. A Omondi anatengera mzungu uja panja kukamuonetsa kumene amagulitsa tiyi wabwino, ine n'kulowa pansi pa chitenje. Mzunguyo ndi injiniya wake ankakhala kuseri kwa galasi, ndipo kuchokera kumeneko ankaona bambo kuyambira m'mabondo kupita m'mwamba. Pamene tinkalowa mu situdiyomo, mzunguyo anafunsa za ndodo ija, bambo n'kumuuza kuti mwendowo umagona poyenda koma ukamva limba umadzuka wokha. Analemba mawu amenewo m'kabuku.

Ndinakhala pansipo kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Munalibe mphepo. Thukuta linkalowa m'maso, ndipo sindikanatha kulipukuta chifukwa manja anali m'sokosi. Mapensulo aja anali m'thumba la kabudula, akundibaya pantchafu nthawi iliyonse ndikafikira kathabwa kakutali, mpaka imodzi inathyoka. Mkodzo unandigwira pa nyimbo yachitatu, ndinaupirira mpaka yachisanu ndi chimodzi. Koma ndisaname: pena pake ndinaiwala zonsezo. Besi ija inkalowera m'mabondo n'kutulukira m'mano, a Omondi akundithamangitsa ndi ng'oma, bambo akulira pamwamba panga ndi dzanja lawo limodzi labwino. Sindinamvepo kukoma kotero, kale kapena pambuyo pake. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chimenecho.

Titamaliza, mawu a mzungu anatuluka pa sipika, akuti wayenda maiko ambiri koma phazi lotere sanalimvepo. Bambo anayankha modzichepetsa kuti wopereka ndi Mulungu. Chidendene chawo chinali pakhosi panga.

Kunyumba tinapeza mayi atafika kale. A kusukulu anali atawaimbira foni. Bambo anayamba kufotokoza za malungo amene anandigwira mwadzidzidzi pa siteji. Mayi anayang'ana mabondo anga, akuda bii ndi fumbi ndiponso osupuka, kenako chitenje chawo chili m'chikwama. Anandipisa m'thumba, n'kutulutsa mapensulo aja, yathunthu ndi yothyoka, n'kukawaika m'kabati ya makapu. Ali momwemo mpaka lero, ngakhale kabatiyo inasamuka kawiri.

Mayeso sanabwerenso. Ndinakwawa ndi sukulu ya pafupi mpaka fomu 2, n'kuisiya. Pofika zaka khumi ndi zinayi ndinali nditatalika, mutu unkagunda kunsi kwa limba, ndipo bambo analengeza kuti apuma pa zoimba dzina lawo likadali pamwamba. Chimbale chija chinagulidwa ndi anthu ochepa. Makatoni ake tinkakhalira kukabwera alendo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana aliyense ali ndi besi m'foni, amangodina, palibe wogwada. Ine ndimakonza magalimoto, ndiye kuti ndikadali pansi pa zinthu za eni ake, kungoti pano amandilipira. Ndipo chimbale chija chauka kwa akufa. Anthu ena ku Ulaya anachipeza, achisindikizanso pa mbale zikuluzikulu zakale zija, ndipo anyamata a ndevu zosamalidwa bwino akuchigula pa mtengo wa matayala awiri. Pachikuto chatsopano anajambulapo sokosi ya bambo. Mkati analembamo masamba anayi onena za phazi.

Mwezi watha kunabwera mtsikana wolemba nkhani za nyimbo ku Syokimau, kumene bambo ndi mayi akukhala kwa mchemwali wanga. Ine ndinapitako kukakonza galimoto ya alamu. Mtsikanayo anapempha kuti ajambule phazilo, bambo n'kuvula nsapato. Atawafunsa chinsinsi chake, anandiyang'ana ine pakhomo, manja anga ali girisi yekhayekha. Mayi anasiya kupukuta mbale. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinaona sokosi ija, yobooka pachala chachikulu, ili pa phazi lowonda ngati la mwana. Ndinafunsa alamu kumene anaika sipanala.

Mlendo atapita, bambo anandiitana. Ndinaganiza kuti mwina lero ndi lero. Anandiuza kuti ndikhale pansi, n'kuika chimbalecho, ndipo tinamvera limodzi, koyamba chijambulireni. Chitatha anagwedeza mutu.

"Pa nyimbo yachitatu paja unkachedwa, iwe."

Aka kanali koyamba kuvomera ndi pakamwa pawo kuti pansi paja panali munthu. Ndipo sananame, ndinkachedwadi, unali mkodzo uja. Chimbale chonse n'cha mphindi 38. Nyimbo yachitatuyo ndi ya mphindi zisanu, aitenge, ikhale ya phazi lawo. Zanga zatsala 33.