Dzenje la kuseri kwa nyumba

Dzenjelo ndinakumba ndekha, ndipo ndinkalinyadira. Ndinali nditangokwatira ku Utale, kwawo kwa mkazi wanga, ndipo ndinkafuna mudzi wonse uone kuti mkamwini wochokera kwa Mposa sanabwere kudzadya zaulere. Chilimwe chonse ndinali m'matope, kuumba njerwa kuseri kwa kanyumba kaudzu komwe anatipatsa. Uvuni umodzi ndinawotcha. Wachiwiri ndinati ndidzaumba mvula ikatha, choncho dzenje ndinalisiya lili yasa.

Mvula itagwa linadzaza. Ine ndinaona madzi oumbira njerwa osakatunga kumjigo, koma apongozi anga aakazi anaona zina. Iwo ndi ine sitinkalankhulana maso ndi maso, monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ankapatuka, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndiye mawu awo ankadzera mwa mkazi wanga, yemwe nthawiyo anali ndi pakati poyamba. Tsiku lina anandiuza mwaulemu kuti amayi akuti dzenje likwiriridwe, udzudzu wanyanya.

Ndinapsa mtima. M'makutu mwanga zinamveka ngati akundikumbutsa kuti dothilo ndi lawo, ine ndine wobwera. Ndinayankha kuti kwathu, kufupi ndi madambo a mpunga, udzudzu umachita kuphimba dzuwa koma tinakula, nanga kadzenje aka kangaphe ndani? Mkazi wanga sanakawauze zimenezo. Anakanena kuti ndamva.

Patapita masiku kunabwera mlangizi wa zaumoyo pa njinga yake. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anachita kuitanidwa ndi apongoziwo. Anapempha mbale yoyera, n'kutunga madzi m'mphepete mwa dzenje. M'mbalemo munali timphutsi tambirimbiri, tikuphiriphitha. Anati ameneyo ndi udzudzu usanamere mapiko, ndipo umene umatiluma suchokera kutali, umaikira mazira m'madzi odikha a pakhomo pathu pomwe. Ndinagwedeza mutu, ndinathokoza, ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Pobwerera ndinauza mkazi wanga kuti munthu ameneyo chibadwire sanagwirepo chikombole cha njerwa.

Neti tinali nayo, yomwe mkazi wanga analandira kusikelo, ndipo tinkagonamo. Pamenepo m'pamene ndinkabisala akanena za dzenje. Koma khitchini yake inali pafupi ndi dzenjelo. Madzulo alionse ndinkamumva akudziomba m'miyendo uku akuphika, ine ndili kutsogolo kwa nyumba kumene kunkawomba mphepo. Ndinkamuseka kuti magazi ake ndi a shuga.

Malungo atamugwira tinayamba ndi panado wa pagolosale. Tsiku lachitatu sankathanso kuima, ndipo tinamutengera kuchipatala pa kabaza, mayi ake akumuchirikiza. Iye anachira. Mwana anabadwa masiku asanakwane, ndipo sanalire.

Mwana wotere saikidwa ngati maliro ena. Amakaika ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo, ndipo mwamuna sapitako. Ndinatsala pakhonde dzuwa lili pamutu, manja ali lende. Sindinamuone ngakhale nkhope. Palibe anandiloza chala. Azibambo awiri anabwera kudzakhala nane, n'kumanena kuti zonse ndi Mulungu, kuti udzudzu uli ponseponse, munthu sungadziwe umene waluma. Mwina n'zoona. Ine ndinkangoona mbale yoyera ija.

Amayi aja atabwerako, apongozi sanapite kunyumba kwawo. Anabwera molunjika pomwe ndinakhala, atanyamula khasu lomwe anakumbira, dothi likadali lonyowa. Analitsamiritsa pachipupa pafupi ndi mwendo wanga. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chikwatirireni mwana wawo.

"Bambo, ife takwirira lathu," anatero. "Latsala lanu."

Sanakweze mawu.

Ndinatenga khasulo n'kupita kuseri. Ndinatsegula ngalande kuti madzi atuluke, kenako ndinayamba kukokera dothi la m'mbali. Silinafike n'pakati pomwe. Ndinaima n'kumayang'ana uku ndi uku kuti lina lili kuti, mpaka ndinakumbukira kumene linapita. Dothi la m'dzenjemo linali litaima pomwepo, lofiira, losanjidwa bwino, likudikira kukhala nyumba yomwe ndinkati mwana wanga adzakuliramo.

Ndinagumula uvuniwo, n'kuyamba kuponyamo njerwa imodziimodzi.