Chitseko Chomva Mvula

Mmisiri wa matabwa amene chitseko chake chimavuta kutseka amasekedwa, ndipo a Zanyengo anasekedwa zaka khumi ndi chimodzi. Kunena molondola, zaka khumi ndi chimodzi ndi miyezi inayi. Dzina loti a Zanyengo nalonso linayamba ngati chipongwe, koma linawakanirira mpaka makasitomala ena ankayesa kuti ndi la makolo.

Shopu yawo inali chipinda chimodzi cha njerwa kumapeto kwa msewu wafumbi, pakati pa nyumba yawo yogona ndi kashedi ka womata matayala. Mkatimo munali benchi lalitali lodzaza zipsera za sowo, mapuleni atatu pa shelefu, zitini za guluu, ndi zenera limodzi loyang'ana kum'mawa. Mipando yotuluka m'menemo sinkagwedera, ndipo makabati ake ankatseka mwakachetechete. Koma chitseko cha shopuyo, mayo! Nthawi yadzuwa chinkasiya mpata woti chala n'kulowa. Mvula ikayandikira chinkatupa, moti pofuna kuchitsegula munthu ankachita kugunda ndi phewa.

“Madala, kodi puleni yanuyo imadana ndi chitseko chanu chokha?” womata matayala ankafunsa pafupifupi sabata iliyonse.

“Inu matani matayala anu, achimwene,” iwo ankayankha. “Chitsekochi chili pa ntchito.”

Chiyambi cha ntchitoyo sichinali choseketsa. Chaka china, masana a tsiku lotentha, chimphepo chinabwera mwadzidzidzi n'kusasula denga la shopuyo. Lata limodzi linauluka n'kukadula nthambi ya mtengo umene mwana wawo wamkazi anali atangochokapo ndi ndowa yake. Pokhoma denga latsopano, chinthu chimodzi chinkawabwerera m'mutu. M'mawa wa tsikulo, ndi dzulo lake lomwe, chitseko chinali chitakana kutseguka, chonsecho kumwamba kunali kuli mbee.

“Chinandiuza,” anawauza akazi awo. “Gonthi ndinali ine.”

Choncho anasema kathabwa kopyapyala, kosongoka kutsogolo n'kumanenepa chakumbuyo, ndipo anakalemba mizere khumi. Tsiku lililonse, sikisi koloko m'mawa, masana, ndi faifi koloko madzulo, ankatseka chitseko n'kulowetsa kathabwako mumpata, pamalo amodzimodzi pomwe anakhomapo msomali. Kunja kukauma, kankalowa mpaka mzere wachisanu ndi chitatu kapena kupitirira. Chitseko chikayamba kutupa, kankaima msanga. Zimenezo ankazilemba m'kope, pamodzi ndi kumene mphepo ikuchokera, zomwe ankadziwira pa kansalu komangirira kunsonga ya nsungwi. Ankalembanso maonekedwe a mitambo, ndi kuya kwa madzi amvula m'chitini cha penti chimene chinkakhala pa chitsa kuseri kwa shopu. Makope anafika khumi ndi anayi. Munalinso kadamsana m'menemo, utawaleza wowirikiza, ndi matalala ojambulidwa kukula kwake kwenikweni.

M'makopemo anapezamo lamulo limodzi. Kathabwa kakatsika kufika pa mzere wachitatu m'masiku awiri okha, kunja kukutentha, kansalu kali lende osagwedezeka, ndiye kuti mkuntho uli panjira. Tisawanamizire: iwo sankanena kuti chitseko ndi mneneri. “Thabwa limamwa chinyezi basi,” ankatero. Pa maulendo makumi awiri ndi atatu, lamulolo linalondola maulendo khumi ndi asanu ndi awiri. Asanu ndi umodzi amene linaphonya anawalembanso, ndi bolopeni yofiira.

Akazi awo ankachitchula chitsekocho kuti mkazi mnzawo. “Pitani kaye mukamupatse moni mnzangayo, tiyi akudikirani,” ankatero m'mawa. Komabe zovala sankayanika asanafunse kuti mnzawoyo wati chiyani.

Kenaka diso lakumanja linachita ng'ala. Mitambo inayamba kuoneka ngati yonse ndi imodzi, ndipo chimenecho ndicho chinawapititsa kuchipatala, osati kudandaula kwa akazi awo. Anawachotsa ng'alayo, ndipo anagonako masiku atatu, mayiwo akuwadikirira. Kiyi wa shopu anamusiyira mkamwini wawo, dalaivala wa lole, amene anali atakwatira mwana wawo uja miyezi isanu yokha yapitayo. Anali munthu waulemu, wamanja osakhazikika, wofunitsitsa kuti apongozi ake amuone kuti ndi wothandiza.

Atabwerera, diso lili chimatire, a Zanyengo sanalowe n'komwe m'nyumba. Analunjika ku shopu, n'kukonzekeretsa phewa monga mwa masiku onse. Chitseko chinatseguka chokha, myaa, mpaka anatsala pang'ono kugwera mkati. Chinali chikunyezimira, ndipo fungo la vanishi linali ponseponse.

Mkamwini anaima pambali, akumwetulira, manja ali kumbuyo.

“Ndinaganiza kuti ndi diso limenelo musamalimbane nacho, bambo. Ndachipala bwinobwino. Vanishi ndapaka kawiri, uku ndi uku, madzi asamalowenso.”

A Zanyengo anatseka chitseko, anatenga kathabwa kaja pamsomali pake, n'kukalowetsa mumpata. Kanadutsa konse, mizere khumi yonse, n'kukagwera panja.

Anakhala pa benchi. Makope khumi ndi anayi anali pa shelefu monga anawasiyira, koma tsopano manambala onse a m'menemo ankanena za chitseko chimene kunalibenso. Kuti ayambirenso, pangafunike zaka zina khumi, ndipo munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zinayi sawerengera zaka khumi ngati ali nazo m'thumba. Nyengo ya mikuntho inali itatsala masabata atatu, mwinanso osakwana.

Womata matayala anasuzumira pazenera. “Mwaona, madala? Mulungu wakupatsani mkamwini wodziwa matabwa kuposa inu.”

“Munamuona akupala?”

“Ndinamugwirira chitseko.”

Apa m'pamene mkamwini anazindikira kuti zinthu sizili bwino. Apongozi ake aakazi anamukokera pambali n'kumufotokozera motsitsa mawu, ndipo kumwetulira kuja kunatha. Anabwera n'kugwada pafupi ndi benchi.

“Bambo, pepani. Sindinadziwe. Ndikagula chitseko china.”

“China sichindidziwa,” anatero a Zanyengo. Kenaka anafunsa, “Munapala kangati?”

“Sindinawerenge, bambo.”

“Munthu n'kupala osawerenga? Nanga zopalapala zili kuti?”

“Ndinasesa n'kuotcha.”

“Ukhondo womwewo,” iwo anatero, akupukusa mutu. “Dzukani, akamwini. Loweruka muli pa ulendo?”

“Ayi, bambo.”

“Mubwere ndi malaya akutha.”

Adokotala anali atawaletsa kuwerama ndi kukhala pafumbi kwa masabata awiri, ndipo akazi awo analondera lamulolo ngati apolisi. Choncho Loweruka a Zanyengo anakhala pampando pakhomo, chipewa chitaphimba diso, n'kumagwira ntchito ndi manja a mkamwini. Choyamba chinali kuchotsa vanishi. Anakana sandipepa, ati amatseka timabowo ta thabwa. Anaswa botolo, n'kumusonyeza mkamwini kagwiridwe ka phale lake.

“Motsata mitsempha ya thabwa. Pang'onopang'ono. Simukukanda mphika.”

Anapala tsiku lonse, mbali zonse ziwiri, mpaka zala za dalaivala zinachita matuza. Tsiku lotsatira panafunika kachidutswa kobwezeretsa m'mphepete mwa chitseko, ndipo kanayenera kukhala ka mtengo womwewo, poti mitengo simwa chinyezi mofanana. Thabwa lotsala la chitsekocho a Zanyengo ankalidziwa kumene linali. Anali atapangira kampando kamene akazi awo ankakhalira kukhitchini.

“Ayi!” anatero mayiwo, atakhala pakampandopo mwadala. “Mnzangayo anandilanda mwamuna, lero akufunanso mpando wanga?”

“Kachala kamodzi kokha, mayi, m'mbali. Simudzazindikira n'komwe.”

“Ndidzazindikira. Ndakhalapo zaka zingati?”

Anadzuka ndithu, koma atalonjezedwa kaye kuti kabati ya kuchipinda, imene inakhala yopanda chogwirira chiyambire, ikonzedwa sabata yomweyo.

Anamata kachidutswako ndi guluu, anakamanga ndi zingwe za chubu zopempha kwa womata matayala, n'kudikira kuti kagwire. Funso lalikulu linatsala: kapalidwe mpaka pati? Apa a Zanyengo anatsitsa makope onse n'kumuuza mkamwini kuti awerenge mokweza muyeso wa masana wa sabata ngati imeneyo, chaka ndi chaka. Pa zaka khumi ndi chimodzi, zisanu ndi zinayi zinanena mzere wachisanu ndi chitatu.

“Ndiye tipala mpaka kathabwa kaime pamenepo. Kamodzi, n'kutseka, n'kuyeza. Ndipo ulendo uno muziwerenga.”

Puleni inadutsa maulendo khumi ndi atatu. Pa ulendo womalizawo kathabwa kanaima pa mzere wachisanu ndi chitatu, ndipo mtima wa mkamwini unakhala pansi.

“Zatheka, bambo!”

“Sitikudziwa,” iwo anayankha. “Nambala imeneyi taikamo ndife. Tidikire kuti chinene chokha.”

Anadikira. Tsiku loyamba, mzere wachisanu ndi chitatu. Lachiwiri, chimodzimodzi. Sabata inatha, dzuwa likuswa mtengo, muyeso osasuntha. Bandeji ya diso anaichotsa, ndipo a Zanyengo anaonanso mitambo iliyonse ndi m'mphepete mwake, koma mtima sunakhazikike. Ankaopa kuti vanishi analowerera mkati mwa thabwa, n'kuti chitseko chinafa. Komabe sanaphonye muyeso ngakhale umodzi. M'mawa, masana, madzulo, ankalemba nambala yomweyomweyo mosamala ngati ndi nkhani yatsopano.

Pa tsiku lakhumi ndi chiwiri, m'mawa, kathabwa kanaima pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Madzulo kanaima pa wachisanu. Kutacha, chitseko chinafuna phewa, ndipo muyeso unali pa mzere wachitatu. Kansalu kunsungwi kanali lende. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi.

Anaima pakhomo nthawi yaitali. Mwina chinali chitseko chikunena zoona, mwinanso kanali kachidutswa kongomatidwa kaja kakutupa mwa iko kokha. Akanatha kukhala chete n'kuona, ndipo palibe akanawaseka. Koma anakumbukira chimene anayambira ntchitoyi. Anavala chipewa n'kuyamba ndi kwa womata matayala.

“Achimwene, malata a shedi yanuyi mwangowatsamiza ndi miyala. Amangeni ndi waya lero.”

“Wanena ndani? Chitseko cha zigamba chija?” Womata matayala analoza kumwamba ndi sipanala. “Madala, diso lakonzedwa lija, taonani nalo.”

“Chubu cha zigamba sichiyenda? Amangeni.”

Anayenda msewu wonse, khomo ndi khomo. Ena anathokoza, ena anadikira kuti adutse n'kuseka. Kwawo anamanga matabwa onse ndi chingwe, n'kukhomerera misomali ina padenga la khitchini. Tsikulo linatha popanda ngakhale kamphepo. Womata matayala anaweruka akuimba mluzu mokweza dala, ngakhale kuti a Zanyengo anaona waya watsopano pa ngodya ziwiri za shedi yake.

Mawa lake masana mkamwini anaimika lole panja kuti adzangowaona. Anawapeza ali kuseri kwa shopu, khosi lili m'mwamba. Chakumadzulo kunali kutamera mtambo wautali ngati chulu, woyera kumutu, wakuda bii kunsi, ndipo mutu wake unali kufalikira mbali imodzi.

“Lole yanu ichotseni pansi pa mtengowo,” anatero osatembenuka. “Mukatero mulowe muno.”

Itangokwana fili koloko, kansalu kanadzuka n'kuloza kum'mawa. Fumbi linakwera mumsewu, mapepala ndi zigubu zikugubuduzika. Awiriwo anatseka chitseko mokankha onse, n'kuima pazenera. Mphezi inang'anima, ndipo a Zanyengo anayamba kuwerenga chapansipansi mpaka bingu linagunda.

“Khumi ndi ziwiri. Lembani.”

Mkamwini analemba. Inang'animanso.

“Zisanu ndi chimodzi. Ikubwera kuno. Lembani nthawi yomwe.”

Kenaka sanamvanenso. Matalala anagwa padenga ngati wina akukhuthula miyala, mphepo ikukankha khoma, madzi akulowa pansi pa chitseko. Denga linalira, linanjenjemera, koma linakhala. A Zanyengo anatulutsa dzanja pazenera n'kutola talala limodzi, analiika pa kope, n'kulizunguliza ndi pensulo lisanasungunuke. 

Patapita mphindi makumi anayi, kunangotsala kudontha. Nthambi yaikulu inali itagwa pomwe panali lole poyamba. Kunja kunamveka mawu a womata matayala akufunsa ngati wina waona beseni lake loyeseramo machubu.

“Tiyeni tikayeze chitini madzi asanatayike,” anatero a Zanyengo.

Anakoka chitseko. Sichinasunthe. Anakoka awiri, mkamwini atapondetsa phazi kukhoma, koma chinali chitatupa n'kugwirana ndi felemu ngati anachikhomera. Mkamwini anapukuta thukuta, ndipo maso ake, mosafuna, anapita pa shelefu ya mapuleni.

“Akamwini,” anatero a Zanyengo.

“Sindinanene kanthu, bambo.”

A Zanyengo anakokera benchi pansi pa zenera, anaika lula yoyezera m'thumba la malaya, n'kukweza mwendo.

“Bambo, diso lanu! Ndituluke ndine.”

“Inu mugwire benchi. Mukatuluka pambuyo panga, mubwere ndi kope.”