Kamunthu ka a Paison Kankangothawira Kumanzere

A Paison Namakhwa anapuma ntchito ya ukalaliki ku Machinga Boma atatha zaka zambiri akumenya tayipi ndi zala ziwiri. Anabadwira ku Utale, m'banja la alimi a chimanga ndi nandolo, koma zimenezo sankakonda kuzitchula. Atasamukira ku Balaka anauza aliyense kuti ku boma kuja iwo ndiwo anali woona za makina. Anthu anayamba kuwaitana kuti a Injiniya. Kunali kuwaseka, koma eni ake analandira dzinalo ndi manja awiri, mpaka kulilembetsa ndi penti pa geti.

Umboni wa uinjiniya wawo unali umodzi: kompyuta. Anawasiyira ndi mzungu wina wa za ulimi wothirira pobwerera kwawo, ndipo a Paison ankati inali mphatso yaulemu. Akazi awo, mayi Sabina, ankakumbuka kuti inali pa mulu wa zokataya, pamodzi ndi ketulo yobooka. Sinali ngati makompyuta a masiku ano iyayi. Chinali chikiibodi chonenepa chotuwa, cholumikiza ku TV, ndipo gemu yake inkachokera mu kaseti yolira ngati mphaka wopondedwa mchira. M'mbali mwa chikiibodicho munali bowo lokhala ndi timano tachitsulo, lolowetsamo chingwe cha kandodo koyendetsera gemu, kamene achinyamata amati joyisitiki.

Mu gemuyo munali kamunthu koyenera kuthamangira kudzanja lamanja, kudumpha maenje ndi ng'ona, mpaka kukapeza bokosi la chuma. Koma kamunthu ka a Paison kankadziwa kumanzere kokha. Ukakankhira kandodo kumanja, kankangoima ngati munthu wodikira minibasi. Ukakankhira kumanzere, kankathamanga mwamphamvu n'kukagunda khoma, n'kumakhalabe pomwepo mpaka nthawi kutha.

"Chipangizochi chikanakhala bwino," ankatero a Paison kwa mlendo aliyense, ngakhale wobwera kudzapempha moto, "m'Balaka muno palibe akanandiyandikira. Mzungu uja ndinkamugonjetsa mpaka nkhope kufiira."

Panalibe wowatsutsa, popeza mzunguyo anali kutali ndipo kamunthuko kanali pakhoma.

Kukonza anayamba kalekale. Poyamba anati magetsi a ku Balaka ndi ofooka, sakwanitsa kukankhira munthu mbali ziwiri. Kenako mlandu unagwera TV. Anaitembenuza chadodolido, ndipo kamunthu kanapitadi kumanja, koma miyendo ili m'mwamba, ndipo khoma lija linali litasamukira komweko. Anakwera minibasi mpaka ku Liwonde, n'kubwerako ndi kandodo kena kakale kamene anakapeza pakati pa ma rimoti akufa pamsika. Nakonso kanakana kumanja.

"Ndiye kuti vuto lili m'bowo," analengeza madzulo ake, ngati atulukira mankhwala a malungo.

Apa analondola, koma kutsegula chikiibodicho ankaopa. Ankangouzira mpweya m'bowomo, kukolokosamo ndi ndodo ya machesi, tsiku lina mpaka anathiramo mafuta ophikira. Kamunthu sikanasinthe maganizo, koma nyerere zinabwera zambiri. Anafika pokayikira a Jimu, oyandikana nawo nyumba, kuti tsiku lina anaiyang'ana kompyutayo nthawi yaitali mosayenera.

Amene anathetsa zonsezi ndi mayi Sabina. Tebulo limene pankakhala kompyutayo ankalifuna kuti aziikapo makina awo osokera.

"Bambo, anthu ogula zitsulo zakutha akumadutsa ndi sikelo yawo," anatero. "Mukonze chinthu chanuchi, apo ayi chikwera sikelo."

"Mayi, mukudziwa kuti imeneyi ndi mbiri ya dziko?"

"Mbiriyo aiyezanso pa sikelo pomwepo."

M'mawa mwake a Paison anavala magalasi, kuyala chitenje patebulo, n'kumasula masikuluwu a chikiibodicho. Munatuluka mphemvu zamibadwo itatu. Atapukuta mafuta awo aja ndi kansalu konyowetsa sipiriti, anaona chinthu chimene ngakhale iwo sakanachiphonya: timano tonse ta bowo lija tinali togwira pa bolodi la mawaya la m'katimo ndi kadontho ka mtovu, koma kamodzi kanali katathothoka, kakugwedera ngati dzino la nkhalamba.

Anapita kumsika kukabwereka chowotcherera mawaya kwa Uladi, wokonza mafoni. Uladi anati abwere ndi kompyutayo awawotcherere, koma a Paison anakana. Injiniya sapita kwa injiniya mnzake. Anadziwotcha chala, anaboola chitenje cha akazi awo, koma pamapeto pake kadontho ka mtovu kanagwera pamalo pake. Atalumikiza zonse n'kukankhira kandodo kumanja, kamunthu kanatembenuka. A Paison anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika panja. Anazimitsa msangamsanga, kuopa kuti kangasinthe maganizo.

Zikanathera pomwepo, bwenzi lero tikuwalemekeza. Koma iwo anaitana anthu. Loweruka masana pabalaza panadzaza: a Jimu, Uladi, mayi Matilda ogulitsa zitumbuwa, ndi ena ongofuna mthunzi. A Paison anavala tayi, n'kuyamba ndi mawu ofotokoza mbiri yawo ya ku boma. Kaseti inalira kulira kwake kuja, kamunthu kanaoneka, ndipo a Injiniya anakankha kandodo.

Kamunthu kanathamanga bwino kwambiri, n'kugwera m'dzenje loyamba.

"Ndimayesa kaye kuzama kwake," anatero a Paison.

Anayambiranso. Dzenje lomwelo. Kachitatu anadumpha msanga, kamunthu kanatera m'mphepete, n'kutsetserekera momwemo mwaulemu. Thukuta linayamba kutsikira pa tayi. Ng'ona zinali kutsogolo, sizinawaone n'komwe.

"A Injiniya," anatero a Jimu mofatsa, "kumanzere kuja bola kankakhala ndi moyo."

Anthu anaseka mpaka ena kutuluka panja. Mayi Matilda anapukuta manja pa chitenje n'kupempha kuti ayeseko. A Paison anawapatsa kandodoko mokondwa, poganiza kuti anthu aona okha kuvuta kwake. Mayiwo anagwa kamodzi, kachiwiri anadumpha maenje onse, ng'ona n'kudzawadya akuseka. Kenako anakhala pampando mayi Sabina. Anagwira kandodo ngati mmene amagwirira nsalu pa makina, osathamanga. Anadutsa maenje, anaponda pamitu pa ng'ona, n'kukafika pa bokosi la chuma. TV inaimba kanyimbo kamene a Paison anali asanakamvepo chiyambire.

Mayi Matilda analuluta. A Paison anayang'anitsitsa akazi awo ngati akuwaona koyamba, kenako anati chala chawo chowotchedwa chija ndicho chawalepheretsa. Tsiku limenelo sanadye bwino, ndipo kwa masiku angapo sanatuluke pa geti. Chalacho chitapola, anati maso. Atasintha magalasi, anati magemu ndi zinthu za anthu osowa chochita.

Kompyutayo sinakwere sikelo. Mayi Sabina anaisamutsira pa kabati, ndipo Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amasewera ndi mayi Matilda ndi amayi ena awiri a kwaya. A Paison kandodo sakagwiranso. Amakhala pakhonde ndi nyuzipepala, n'kumauza odutsa kuti timu ya amayi ili m'katimo ndi yawo, iwo ndiwo kochi. Nthawi ndi nthawi amasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Dumphani, mayi! Dumphani!"

Amakuwa mayiwo atadumpha kale.