A Ignas Ogwira Nsungwi ya Kanema

Achimwene anga a Ignas Kawage anabweretsa mafainolo a ragibi m'mudzi mwathu mwa Gandime kwa zaka khumi ndi zinayi, koma iwo eni sanaonereko ngakhale imodzi. Ife tikamaonera, iwo ankakhala padenga.

Mapiri a kuno m'chigawo cha Simbu anatizinga mbali zonse. Kanema wa dishi, wolipira uja, anali kuhotelo m'tauni ya Kundiawa, kwa anthu ovala nsapato. Ife tinali ndi waulere, amene umangomukola mumlengalenga ngati uli ndi eriyo komanso mwayi. Ankadutsa pampata umodzi wokha pakati pa mapiri awiri, n'kudzagunda denga la sitolo ya a Kerenga pamwamba pa chitunda. M'sitolo momwemo ndi momwe munali kanema wa mudzi wonse, mabenchi asanu, ndi jenereta kuseri.

A Kerenga anayesapo kukhomera eriyo ndi misomali, koma sizinathandize. Mitambo ikasuntha, chithunzi chinkasuntha nayo, pagalasi n'kungotsala timadontho ngati mpunga womwazika. Pankafunika munthu woima padenga, atagwira nsungwi yaitali imene anamangirirapo eriyo, n'kumaitembenuza pang'onopang'ono mpaka masewero atha. Ambiri anayesa, chithunzi chikabwera mphindi imodzi n'kuthawa. A Ignas okha ndi amene chinkawamvera. Ankati amachimva m'manja chikamabwera. Mwina linali bodza, koma palibe amene anawaposa.

Ntchito imeneyi inawayenera chifukwa anali munthu wosakhazikika chibadwire. Kudya ankadya choimirira, mbatata m'dzanja, akuzungulira nyumba. Kutchalitchi ankaima pakhomo, ulaliki ukatalika n'kukaona nkhumba zawo kaye. Anakhalapo kondakitala wa minibasi yopita ku tauni ya Hagen, anathyolapo tiyi, anakhalaponso mlonda wa pasukulu mpaka anawachotsa chifukwa ankapezeka akulondera nyumba za eni kutsidya kwa mtsinje. Munda wa khofi wokha ndiwo unawapirira, poti m'munda munthu umayendayenda. Ine Agata, mlongo wawo wamng'ono, ndakhala ndikuwauza kuti akhale pansi kuyambira ndili ndi mano a mkaka, ndipo ndinatopa nazo.

Tsiku la fainolo, kaya ya ku Australia kaya yathu yomwe ino, mudzi wonse unkawalamula kuchokera pansi.

"Kumanzere, Ignas! Wapyola, iwe! Bwerera! Eya, pomwepo! Usapume!"

Masewero ankawatsatira ndi makutu. Ankadziwa phokoso la munthu akagwetsedwa, la woimbira akalakwitsa, ndi la mpira ukakhazikidwa kuseri kwa mzere, kumene ndiko kugoletsa pa ragibi, pamene malata ankanjenjemera pansi pa mapazi awo. Akatsika ankatsutsana ndi anthu amene aona ndi maso, ndipo nthawi zambiri ankawagonjetsa.

Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Umba. Mwanayo anakulira pansi kutsogolo m'sitolo muja, akuonera zimene bambo ake ankakola padenga, ndiye panalibe chodabwitsa kuti atakula anafuna kukasewera ku Mosbi, likulu la dziko lathu. Koma a Ignas sanafune kumva. Ankati ragibi ndi yoonera, osati yothyolera khosi, ndipo khofi sangadzithyole yekha. Anakangana mwezi wathunthu. Tsiku lina a Ignas anatenga nsapato za mpira za mwanayo n'kukaziponya mumtsinje, nati akapita asadzabwerenso. Umba anapita wopanda nsapato, ndipo sanabwerenso. Mafoni anali asanafike kwathu. Zinatha zaka zisanu ndi zitatu bambo asanaone nkhope ya mwana wawo, ndipo dzina lake sankalitchula. Ine ndinkadziwa kuti zikuwadya, chifukwa minibasi iliyonse ikaima pamsewu ankasiya khasu n'kukaona amene akutsika.

Lachiwiri lina Wemin, dalaivala wa minibasi, anabwera ndi nyuzipepala ya dzana. Anandipeza pakhomo pa sitolo, pamene ndimagulitsa mandasi ndi mtedza wa buai wotafuna, a Ignas ataima pambali panga.

"Mdala, werengani apa," anatero Wemin. "Kapena maso anathera padenga?"

Panali mayina a osewera fainolo ya dziko lathu Lamlungu masana. Timu yovala zachikasu, nambala 16, pabenchi ya odikira kulowa: Umba Kawage. Masewero a pakati pa chaka kanema waulere sankaonetsa, koma fainolo ankaonetsa. A Ignas anawerenga kawiri, anabweza nyuzipepala, nati akukaona nkhumba. Anazungulira sitolo katatu osapita kukhola.

Madzulo anabwera kwanga. Sanalowe, anaima pakhomo.

"Agata, ndikufuna ndimuone."

"Ndani?" ndinafunsa dala.

"Usandipute. Ndingomuona nkhope basi. Ngati wanenepa, ngati mano alipo onse."

Sabata imeneyo sanagone bwino, ndipo sanagonetse aliyense. Anayenda nyumba ndi nyumba kufunafuna wowagwirira nsungwi. Anakweza Wemin padenga kukamuphunzitsa, anakweza aphunzitsi a Dilu, anakweza ngakhale akatekisiti ndi mimba yawo ija. Onse analonjeza. "Osadandaula, mdala, theka loyamba ine, lachiwiri uyu." Ine ndinkangowayang'ana. Amuna a kwathu akhoza kukulonjeza nkhumba, koma osati mpando wawo pa fainolo imene mukusewera mwana wa m'mudzi.

"Achimwene, ndiphunzitseni ine," ndinatero Lachisanu.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Kwathu mkazi sakhala pamwamba pa mwamuna. Sulumpha miyendo yake, sulumpha chakudya chake, ngakhale nkhwangwa yake ikakhala panjira umailambalala. Amati mphamvu za mwamuna zimatha, khungu limauma. Tsono kukwera denga amuna makumi asanu ali pansi, umenewo ndi mlandu wa nkhumba yathunthu.

"Wapenga? Ukufuna atiphe tonse awiri?"

"Ndiye khalani ndi akatekisiti anuwo."

Lamlungu misa inatha msanga kuposa masiku onse. Pofika nthawi ya nkhomaliro sitolo inali itadzaza mpaka pamawindo, amuna pamabenchi, amayi ndi ana pansi kutsogolo, malovu ofiira a buai ali paliponse. A Ignas anakwera kuti akakole chithunzi kaye, wina adzawalandire. Chithunzi chinabwera, choyera bwino. Anasuzumira m'mphepete mwa denga.

"Wemin! Bwera tsono!"

"Ndikubwera, mdala, angoyamba kaye!"

Anayamba. Wemin sanatuluke. Aphunzitsi anati bondo lawavuta mwadzidzidzi. Akatekisiti anangogontha. Ine ndinali panja ndi beseni langa la mandasi, ndikuwaona achimwene padenga akupondaponda malata ngati akuwotcha, akuyang'ana kumpata wa mapiri, akuyang'ana pansi, akuitana mayina amene sankayankha. Nthawi yopuma amuna anatuluka kukataya madzi, aliyense akuyang'ana kumbali, ndipo anabwerera mothamanga a Ignas asanafike n'pamakwerero pomwe.

Theka lachiwiri litapita pakati, sitolo inaphulika.

"Umba! Akulowa Umba! Ndi uyo akuvula jekete!"

A Ignas anadzidzimuka, nsungwi inagwedezeka, ndipo chithunzi chiyenera kuti chinathawa chifukwa phokoso linasanduka matukwano. Mawu a a Kerenga anamveka pamwamba pa onse.

"Ignas, ima bwino, galu iwe! Mwana wakoyu tikumuona theka!"

Mawu amenewo ndi amene anandikweza. Mtima unandiwawa, ndipo ndinakwiya. Ndinaika beseni pansi, ndinakulunga siketi pakati pa miyendo, n'kugwira makwerero. Ndinkadziwa kuti nkhumba yanga yapita. Mayi wina amene anali pawindo anandiona n'kukuwa, ndipo mawu analowa m'sitolo msanga kuposa moto.

"Mkazi padenga! Agata ali padenga!"

Sindinaonepo amuna akuluakulu akuthawa chonchija. Anatulukira pakhomo, pamawindo, wina anagwetsa shelefu ya nsomba za m'zitini. Bondo la aphunzitsi linachira pompo. Anakaima patali, kunja kwa mthunzi wa denga, atagwira mitu, akundiloza ndi kunditukwana, kwinaku akutalikitsa makosi kuti aone kanema kudzera pakhomo.

A Ignas anali atandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Tsika, Agata. Chonde tsika."

"Patseni nsungwi."

"Ndikalowa bwanji iwe uli pamwamba?"

"Ndi miyendo. Mwatsala ndi mphindi zochepa, achimwene. Khungu lanu linauma kale ndi dzuwa la padenga lino. Pitani."

Anayang'ana amuna aja. Anayang'ana ine. Kenako anandigwiritsa nsungwi, anakonza zala zanga ndi zawo, nati, "Loza pampata paja. Mphepo ikakukankha usalimbane nayo, uzingoitsatira." Anatsika makwerero podumpha awiriawiri.

"Ignas, usalowe!" anakuwa a Kerenga. "Udzafota ngati fodya!"

Analowa.

Nsungwi ija inali yolemera kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo mphepo ya masana inkaikoka ngati mbuzi yokana chingwe. M'manja sindinamve kalikonse kakubwera, koma thukuta. Padenga palibe chimene umaona, mapiri okhaokha ndi utsi wa jenereta. Zaka khumi ndi zinayi munthu akuona zimenezi! Kenako mawu awo anatulukira m'malata, pansi pa mapazi anga.

"Kumanzere! Wapyola, Agata! Bwerera pang'ono! Pomwepo!"

Ndiye ndinawamva akufunsa amayi aja, ndi mawu amene sindinawamvepo, "Ndi uti? Ndilozereni, ndi uti?"

"Wandevuyo, bambo! Wamanga nsalu kumutuyo!"

"Ameneyo? Ayi... Eya. Eya, ndi iyeyo. Taonani mathamangidwe."

Kuyambira pamenepo ndinatsatira ndi makutu, monga ankachitira iwo. Ndinamva Umba akugwetsa munthu, chifukwa amayi analulutira. Ndinamva akugwetsedwa, chifukwa achimwene anabuula ngati awaponda iwo. Amuna panja anali atasiya kunditukwana, tsopano ankakankhana pamzere wa mthunzi, ndipo Wemin anafika pondikuwira kuti, "Mayi, kumanja pang'ono!" Mapewa ankandiyaka. Achikasu anagonja ndi mapointi awiri, koma zimenezo ndinazimva mawa lake, tsiku lomwe akuluakulu anakhala pansi n'kundilamula kupereka nkhumba. Ndinapereka yowonda, ya chifuwa.

Wezulo yomaliza italira ndinayamba kutsitsa manja, poganiza kuti zatha.

"Agata! Usagwedeze! Gwira pomwepo!"

Ndinagwira.

"Akumuonetsa pafupi. Dzino limodzi palibe. Akulira, chitsiru... Agata!"

"Ndikumva!"

"Wanyamula mwana."

"Mwana wa ndani?"

"Ndiye ndifunse ndani? Mkazi wina wamupatsa pampanda. Kamtsikana. Kakumugwira ndevu. Agata, kakuyenda kale aka, kali ndi nsapato!"

Ndinafuna kukhala pansi pamalata pomwepo. Palibe amene anatiuza, ngakhale Wemin amene amadziwa za aliyense. Mwanayo anakwatira, anabereka, kamwana kanamera mano mpaka kuyenda, ife tili kuno kuthyola khofi.

Kenako ndinamva kanyimbo kotsatsa mpunga, kaja kankabwera nthawi zonse masewero akatha. Akanema anali atachoka kubwalo. Amayi anayamba kudzuka, ana akuimba nawo kanyimboko.

"Chathawa!" anakuwa a Ignas. "Agata, chathawa! Tembenuza!"

"Achimwene, sichinathawe. Atseka ndi iwowo."

"Tembenuza, ndikukuuza! Kumanzere! Anali pomwepa!"

Munthu amene anagwira nsungwi ija zaka zonsezo ankadziwa bwino kuposa ine kuti eriyo sibweza zimene akanema achotsa. Amuna ena panja anali akuyang'ana pansi. Ine misozi inali ikulowa m'kamwa.

"Kumanzere, mlongo wanga. Pang'ono pokha. Sindinakaone bwino nkhope."

Ndinatembenuzira kumanzere.