Mkanjo umene ndinkati ndisoka mawa

Dzanja langa linayamba kunjenjemera m'mwezi wa Ogasiti, nthawi imene ife atelala a pa Ulongwe timapanikizika ndi mayunifolomu a ana asukulu. Tsiku limenelo ndinayala nsalu yoyera ya malaya patebulo, n'kulemba ndi choko, n'kutenga sizasi. Zala zinakana. Mtima unayamba kuthamanga ngati ndakwera phiri, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinangozindikira ndaima kutsidya kwa msewu, pamene amagulitsa chimanga, osadziwa chimene ndapitirako.

Kuyambira pamenepo, kukhala pansi kunandikanika. Ndikapalasa makina pang'ono, miyendo inkafuna kuyenda. Ndinkapita pa siteji ya maminibasi, kubwerera, kupitanso, mpaka makondakitala anayamba kundiseka kuti ndikufuna ntchito yoitanira. Chakudya sichinkalowa. Zitenje ndi mathalauza akuda ndinkasokako ndithu, koma malaya a sukulu anangounjikana pakona, ndipo makolo anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo.

Mu Seputembala, mkazi wanga Amina anandikakamiza kupita kuchipatala chaching'ono chakwathu. Anandiyeza malungo kawiri, osapezeka. Mu Okotobala ananditumiza kuchipatala chachikulu ku boma. Ndinafika m'mamawa ndi buku langa lakuchipatala, koma mzere unali utazungulira kale khonde. Kudikira pabenchi kunali chilango kwa munthu ngati ine. Kawiri konse ndinanyamuka kukazungulira panja, pobwera malo anga atatha. Anandiyeza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi chifuwa. Adokotala anati, "Bambo, thupi lanu lili bwinobwino."

Ndinapsa mtima. Munthu wabwinobwino amathawa sizasi? Pamene ndinkatuluka m'chipindamo ndinali nditatsimikiza zogulitsa makina anga, amene ndadyera zaka makumi awiri. Telala wina wa ku Nsanama anali atawafuna kale, ndipo tinapangana kuti adzawatenge chaka chisanathe.

Namwino wina ananditsatira pakhonde. "Mubwere Lachinayi," anatero. "Kumabwera mayi amene amathandiza anthu odwala maganizo. Sapereka mapiritsi, amamvetsera."

Ndinaona ngati chipongwe. Kumvetsera, ndiye kuti kwathu kulibe anthu a makutu? Koma Amina sanandipatse mtendere, ndipo ndinapita.

Mayiwo anali a Nachisale. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa kolandirira mankhwala, mipando iwiri basi. Anandifotokozera kuti bungwe lina lachifundo ndi limene linawalipirira maphunziro, limawayendetsa m'zipatala, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, ndiponso likuchita kafukufuku wa matenda amtunduwu. Anandipempha ngati angalembe nkhani yanga popanda dzina. Ndinavomera chifukwa ndinkadziwa kuti nkhani ndilibe.

Masabata atatu oyamba ndinkalankhula chiimire, pafupi ndi chitseko. Ndinkadandaula za makasitomala, za fumbi, za ulusi wa masiku ano woduka msanga. Iwo ankangofunsa apa ndi apo, ndipo kudekha kwawoko kunkanditopetsa.

Ulendo wachinayi ndinkafotokozanso za tsiku loyamba lija. Ndinati, "Nditangoyala sanda patebulo..."

"Mwati sanda," anatero a Nachisale.

"Iyayi, ndati nsalu."

"Mwati sanda, bambo. Sanda ya ndani?"

Ndinakhala pansi. Kwa amene sadziwa, sanda ndi nsalu yoyera imene ife Asilamu timakulungira maliro. Mng'ono wanga Yusufu anali msodzi ku nyanja ya Chiuta. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho anandibweretsera nsalu yoyera kuti ndimusokere mkanjo wovala pa chikondwerero cha Idi. Ndinamuyeza, ndinalemba m'kope, kenako ndinamuuza mawu amene telala aliyense amauza m'bale wake: bwera mawa. Anabwera katatu. Ulendo womaliza anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mawa lanuli ndidzavalira kumanda." Ndinasekanso.

Idi inadutsa. Mu Juni mphepo inagubuduza bwato lake, ndipo Yusufu anamira. Kwathu maliro sachedwa, ndipo kumudziko sanda inaperewera. Ine ndinali nditatenga nsalu yake ija m'chikwama. Ndinaidula ndekha ndi sizasi yanga, anthu n'kundiyamikira kuti ndaganiza bwino. Sindinalire, ndinali wotanganidwa. Sindinauze munthu kuti nsaluyo inali ya chiyani, ngakhale Amina.

Tsiku limenelo ndinalira m'kachipinda muja mpaka manyazi anandithera. Sindinachire pomwepo ayi. Sabata yotsatira mtima unathamanga kuposa kale, ndipo ndinawauza a Nachisale kuti andiwonjezera matenda. Anati zimatero bala likangotsegulidwa, ndisasiye kubwera. Ndinapitiriza Lachinayi lililonse. Ndinauza Amina, kenako mayi athu, amene anangoti Yusufu sankasunga mangawa ndi munthu. Pang'onopang'ono ndinayamba kumaliza mbale ya chakudya, ndi kukhala pamakina mpaka mthunzi utasuntha.

Mu Disembala, kutatsala masiku ochepa kuti wa ku Nsanama uja abwere, ndinagula nsalu yoyera. Ndinatsegula kope pa tsamba la Yusufu. Dzanja linanjenjemera, mzere woyamba unakhota, koma ndinadula mkanjo wake uja. Telala uja atafika ndinamupepesa, ndipo anabwerera wopanda makina.

Lero ndikusoka bwinobwino, malaya a sukulu omwe. Mtima umathamangabe nthawi zina, makamaka Idi ikayandikira, koma tsopano ndimadziwa chimene ukuthamangira. A Nachisale ndimawaona kamodzi pamwezi. Inu amene thupi likukuvutani koma zoyeza zonse zikuti muli bwino, funsani kuchipatala ngati kuli munthu wothandiza za maganizo. Pitani lero, musati mawa. Ine ndinataya miyezi ndikuzungulira pa siteji.

Mkanjo uja ndimauvala Lachisanu popita ku mzikiti. Yusufu anali wamfupi, choncho manja a mkanjowo amandilekeza pamwamba. Anzanga amandiseka kuti telala wanji wolephera kudziyeza yekha. Ndimangowayankha kuti muyeso ndi wa mwini wake.