Ng'azi ya Penti Wofiira

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Chithumba, chifukwa kulikonse kumene ankapita ankakhala ndi thumba paphewa ndi ndodo yamphanda m'manja. Ntchito yawo inali yochotsa zamoyo m'nyumba za anthu: njoka kuseri kwa filiji, mileme kudenga, kadzidzi wosochera m'galaja, njuchi zomanga m'bokosi la mita ya magetsi. Sankapha. Ankagwira, kuika m'thumba, n'kukataya kutchire.

Ntchitoyi sanachite kuiphunzira. Pa unyamata wawo anali m'gulu la aganyu amene anagwetsa nkhalango ya kumapeto kwa tauni, akuluakulu ataiduladula kuti ikhale mapuloti. Anzawo akaona chokwawa ankathawa kapena kuchitema ndi chikwanje. Iwo ankachinyamula n'kukachisiya kutsogolo, kumene nkhwangwa zinali zisanafike. Nyumba zitamangidwa, zamoyo zija zinayamba kubwerera kumene zinabadwira, n'kupezako matailosi. Eni nyumba anayamba kupatsana nambala ya a Chithumba.

Mkazi wawo anali telala wa makatani, ndipo makasitomala ake anali eni nyumba omwewo. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma maso ake sankaphonya kanthu. Kale buluku la amuna ake linkabwera litadzaza chisoso, m'miyendo muli matope akuda, iye n'kumathothola pakhonde uku akung'ung'udza. Koma chaka china chisoso chinatha. Buluku linkabwera ndi fumbi la simenti, ndipo mwini wake akapita kokataya sankachedwanso ngati kale. Telala sanafunse. Anangozisunga mumtima.

Tsiku lina ankayeza mawindo kwa adona a geti lofiira, kasitomala wake wamkulu, pamene kuseri kunamveka nkhuku zikukuwa. Ng'azi inali italowa m'khola, ikumwa mazira. Adona anaimba foni, ndipo posakhalitsa a Chithumba anafika, n'kuipanikiza khosi ndi ndodo yawo. Telala ankaonera pawindo, tepi ili m'khosi.

"Dikirani kaye, musaiike m'thumba," anatero adona. Anabwera ndi kachitini ka penti wotsala wa pageti, anamangirira burashi kundodo ya tsache, n'kuilemba ng'aziyo mzere wofiira pamsana.

"Mukuiphoda, adona? Ikupita kuukwati?" anafunsa a Chithumba.

"Sekani. Nkhope iyi ndinaiona mwezi watha."

"Ng'azi zonse nkhope ndi imodzi, adona. Ngakhale zokhazokha sizizindikirana."

"Anzanga akuti mumazitaya kuseri kwa mipanda kuti tizikuitananinso. Ena akuti mumachita kuweta. Ine sindinanene kanthu. Anena ndi penti."

Atalowa m'nyumba, adona anamuyang'ana telala nthawi yotalikirapo kuposa masiku onse. "Inu musadandaule, mayi. Yezani mawindo anu."

Madzulo ake telala anawayang'anitsitsa amuna ake akudya. Ankatafuna bwinobwino, ngati munthu wopanda mlandu. Koma kodi wakuba satafuna? Anakaima pakhomo la kashedi kawo kakuseri n'kutchera khutu, mwina angamve chokwawa. Anadzichitira manyazi, koma mawa lake anakatcheranso.

Sabata isanathe, ng'azi inapezekanso m'khola lomwe lija, mzere wofiira uli psuu pamsana. Ulendo uno adona anawaitana onse awiri. Anadikira kuti ilowe m'thumba, kenako anawaonetsa chithunzi pafoni.

"Ndikufuna mchira wake pano dzuwa lisanalowe. Apo ayi, chithunzichi chipita pagulu la eni nyumba onse, ndipo dera lino muliiwale, inu ndi akazi anu omwe. Sindingalowetse m'chipinda changa anthu oweta zinthu."

 A Chithumba anakoleka thumba paphewa n'kutuluka. Telala anati akupita kukagula ulusi, koma atafika pangodya anakhota n'kuyamba kuwalondola chapatali.

Anadutsa nyumba zomalizidwa, kenako zopanda madenga, kenako maenje a maziko ndi milu ya mchenga. Iye ankayembekezera kuti nthawi ina iliyonse aona mitengo. Sanaione. Amuna ake analowa m'kampata ka pakati pa mipanda iwiri ya njerwa, pafupi ndi chikwangwani chadzimbiri choletsa kumanga m'mbali mwa mtsinje. Mkatimo munali kamalo kosaposa chipinda chake chosokeramo: mabango ochepa, mapepala apulasitiki, ndi kukamwa kwa chipaipi cha konkire chotuluka timadzi tobiriwira.

"Mwanditsatira kuchokera pagolosale paja," anatero a Chithumba osacheuka. "Masilipasi anu ndimawadziwa kulira kwake."

"Ndiye n'zoona."

"Zoona ziti, mayi?"

"Mumazitaya kuseri kwa mipanda."

"Nanga kuno kwatsala chiyani chimene si kuseri kwa mpanda? Tchire lija ndi lomweli. Mwaima pakati pake."

Telala anayang'ana chikwangwani chija, kenako mipanda. "Si apa alemba kuti osamanga?"

"Osamanga pafupi ndi mtsinje. Ndiye anautenga mtsinjewo n'kuulowetsa m'mapaipi, n'kukwirira. Mukuuona mtsinje inu? Palibe. Ndiye palibe amene waphwanya lamulo." Analoza ndi ndodo. "Chipaipi ichi chimadutsa pansi pa nyumba zonsezi, n'kukalumikizana ndi ngalande ya adona anu aja. Ine ndimazungulira pamsewu, iyo imadula. Mwina imayamba ndiyo kufika."

"Nanga osakaitaya kutsogoloku?"

"Waya ndi alonda. Akumangako zina. Minibasi nazo sizikweza munthu wa thumba loyenda lokha, ndinayesa."

"Bwanji osandiuza, bambo?"

"Ndikanati chiyani? Kuti amuna anu akungozungulira tauni ndi ng'azi imodzi?"

"Koma akakuitanani mumapita. Ndipo akakupatsani mumalandira."

 A Chithumba anakanda simenti youma pansapato ndi nsonga ya ndodo. Telala anaona kuti funso limenelo adzakhala nalo mpaka kalekale. Amuna ake sanali oweta zinthu. Koma ankadziwa kumene chipaipi chimathera, ndipo sanauzepo munthu.

"Gwirani apa," anatero potsiriza, akumupatsa kukamwa kwa thumba. "Mugwiritse. Ndikatole chidutswa cha njerwa."

"Simunaphepo inu."

"Lero ndiyamba. Mukufuna makatani aja asoke wina?"

Anatuluka m'kampatamo. Telala anatsala yekha, thumba likulemera m'manja. Mkati ng'azi inatembenuka, mchira wake n'kumukwapula pamwendo kudzera m'thumba. Kenako inangoti zii, koma iye ankaimva ikupuma. Anaganiza za nsalu ya adona imene inali itadulidwa kale pathebulo lake, ndi mawindo a nyumba zatsopano zonse zimene anadutsa, opanda katani ngakhale limodzi. Anaganizanso za mwamuna amene ankabwera kunyumba ndi mabala a mano ndi a mbola, wosabwezera ngakhale kamodzi. Akapha iyi, mawa wina adzafuna mutu wa kadzidzi, mkuja wina adzafuna njoka yodulidwa pakati, ndipo anthuwo sadzasiyabe kunong'ona.

Anamva mapazi akubwerera. Anatsitsa thumba pansi, n'kutambasula zala.

Ng'azi inatulutsa mutu, inalawa mpweya ndi lilime, kenako inathamangira m'chipaipi. Madzi anangoti khuvu.

A Chithumba anaima ndi njerwa m'manja, akuyang'ana thumba lopanda kanthu.

"Yakupulumukani?"

"Ayi."

"Mukudziwa chimene mwachita, mayi?"

"Ndikudziwa. Tayani njerwayo, mukuoneka ngati wamisala."

Anaitaya m'mabango. Anapinda thumba mosamala, ndipo telala sanathe kudziwa ngati nkhope yawo inali ya mkwiyo kapena ya munthu amene watula katundu.

Njira yobwerera kwawo inali imodzi yokha, yodutsa pageti lofiira. Adona anali ataima pakakhomo kakang'ono ka getilo, foni ili m'manja.

"Mchira uli kuti?"

A Chithumba anatsegula pakamwa, koma mkazi wawo, amene pa zaka zonse zosokera nyumba imeneyo sanayankhepo china choposa "chabwino, adona", anawatsogolera kulankhula.

"Uli kwa mwini wake, adona. Ngalande yanu muikepo sefa. Nsalu yanu ndibweretsa mawa, ndinaidula kale koma sindinaisoke."

Adona anawayang'ana onse awiri kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaweramira pafoni, n'kuyamba kudina. Asanafike pangodya, telala anaona katani la nyumba yoyandikana nayo likusuntha pang'ono, lina la kutsidya kwa msewu nalonso. Makatani onsewo anawasoka iyeyo.